Zikhomo Zinayi pa Dambo la Kaphande

Mtisunge Gwaza adafika ku Kaphande mdima utagwa kale. Malo achilendo. Fumbi m'kamwa, msana ukuwawa. A Zuze, oyendetsa galimoto, adazimitsa injini n'kuusa moyo.

"Tafika, madamu. Ngati kuno kuli kufika."

Mtisunge sadaseke. Adali mwana wa m'tauni, wobadwira ku Zingwangwa, ndipo kumudzi ankakutenga ngati malo ongodutsa. Miyezi itatu tsopano ali pamsewu. Ntchito yake idali imodzi: kusankha malo oti bungwe lawo limangepo likulu la kafukufuku wa zamoyo. Malabotale oyezera magazi. Chipinda choweteramo udzudzu. Nyumba yofufuziramo zomwe zimapha ana asanabadwe.

Malo adatsala awiri. Ena pachitunda cha miyala, kutali ndi msewu. Ena m'mphepete mwa dambo la Kaphande, posalala, madzi pafupi, mawaya a magetsi akudutsa pamwamba pomwepo. Oyeza malo adali atakhoma kale zikhomo zinayi zofiira. Chotsala chidali choti iye aone ndi maso ake, asaine. Lipoti linkadikiridwa mawa lake masana patebulo la a Chilapondwa, mkulu wa bungwelo, ku Lilongwe.

Adamulandira ndi Anankhoma, mayi wosamalira kanyumba ka alendo kuseri kwa sukulu. Wamtali, wouma thupi, wosachedwa ndi moni. Adabweretsa madzi osamba, tiyi ndi mbatata yophika.

"Ndinu a zikhomo zija?"

"Ndife, amayi. Anthu adzapeza ntchito kuno. Msewu adzaukonza."

"Eya."

"Simukukondwa?"

"Takondwa. Amuna athu ndiye akondwa kwambiri."

Mtisunge adaika kapu pansi. "Pamsonkhano womwe anthu athu adachititsa m'mudzi muno adafunsa ngati pamalopo pali manda. Inu mudalipo?"

"Ndidalipo. Ofunsa adali abambo anayi a nsapato zikuluzikulu. Adayankha abambo athu."

"Ndipo adati palibe."

"Sadaname," adatero Anankhoma, akutolera mbale. "Gonani bwino. Chitseko chimafuna kuchikankha ndi bondo."

Foni idalira asanavule nsapato. A Chilapondwa.

"Dokotala, mwafika? Mawa musachedwe ndi zoyendayenda zanuzo. Malowo ndi abwino, aliyense akudziwa. Otithandiza ndi ndalama aja akubwera Lachisanu, akufuna kuona malo amodzi, osati awiri. Tikazengereza likululi lipita dziko lina. Mwamva?"

"Ndamva, bwana."

"Ndipo mpando wa mkulu wa likululo ulibe mwini. Ndangonena."

Adatsegula chikwama kuti atulutse lipoti. Dzanja lidakhudza kachipewa koluka, kachikasu, kosakwana n'chibakera chomwe. Zaka ziwiri kali m'thumba lam'kati. Mwini wake, mwana wa Mtisunge, sadakavale. Adabadwa ali chete, mwezi wachisanu ndi chitatu, ndipo namwino atafunsa kuti atani naye, Mtisunge adatembenukira kukhoma n'kunena kuti, "Chitani zomwe mumachita." Sabata yotsatira adali kuntchito. Chiyambire pamenepo sadakhalitsenso malo amodzi.

Adakakankhira kachipewako pansi pa mapepala. Adagona.

Kutuloko likulu lidali litamangidwa kale.

Adaima pakati pa labotale yaikulu, yoyera mbee. Matailosi ozizira. Mafiriji akung'ung'udza. Koma pansi padali pofewa. Akaponda, tailosi inkamira pang'ono n'kutulutsa madzi a m'dambo, akuda, onunkha matope ndi mizu ya bango. Adaima chilili. Ndipo adamva kupuma. Osati kulira, ayi. Kupuma kwapang'onopang'ono, kochuluka, kochokera pansi pa mapazi ake, ngati ana ambiri agona m'chipinda chimodzi.

Fungo la fodya wonunkhiza ndi mafuta a nsatsi lidadzaza m'chipindamo. Adalizindikira asanacheuke.

Anamwale. Agogo ake obala mayi ake, mzamba wa ku Dowa, omwe adamwalira Mtisunge ali ku yunivesite. Kumaliro sadapite, ankalemba mayeso. Ali moyo adabwera ku Zingwangwa kamodzi kokha, n'kumutcha "kamzungu" chifukwa chodya ndi supuni.

Adali atagwada pakona, chirundu chomanga pachifuwa, mapazi ong'aluka. M'manja adagwira kakhasu kakafupi. Adali atachotsa tailosi imodzi. Dzenje lake lidali losaya, lolekeza m'chigongono.

"Ponda bwino, iwe," adatero osadzutsa mutu.

Koma mtima wamakani wa Mtisunge sudagone. "Agogo, pano palibe kanthu. Tidayeza. Tidafunsa."

"Mudafunsa yani?"

"Eni malo."

"Eni malo ndi awa." Adagunda pansi ndi chikhatho, pang'onopang'ono, monga amachitira pogoneka khanda. Kupuma kuja kudakwera, kenaka kudatsika.

"Nyumbayi ndi yopulumutsa ana," Mtisunge adakuwa, koma mawu adatuluka aang'ono. "Mukudziwa angati amafa? Inu mudapulumutsa angati ndi kakhasu kanuko?"

Apo ndi pomwe agogowo adadzutsa mutu. M'maso mwao mudalibe mkwiyo. Mkwiyo ukadapepuka.

"Manga nyumba yako. Koma osati pamsana pawo. Zula zikhomo."

Adatambasula dzanja lamatope.

"Nanga wako udamsiya kuti?"

Mtisunge adafuna kuthawa. Mapazi adali atamira mpaka m'akakolo. Madzi ozizira. Kupuma kuja kudaleka konse nthawi imodzi, ndipo bata lake ndi lomwe lidamudzutsa.

Atambala adali akulira. Thukuta thupi lonse. Adakhala tsonga pabedi, mtima ukugunda ngati mtondo wa anthu awiri.

"Mbatata," adadziuza. "Mbatata ndi kutopa."

Adatulutsa lipoti ndi cholembera. Adapeza mzere wosainapo. Adauyang'ana nthawi yaitali. Kenaka adavala nsapato mwaukali. Apita, akaona, akapeza udzu ndi achule, adzabwera n'kusaina. Munthu wophunzira zaka khumi ndi ziwiri za sayansi sangaopsezedwe ndi nkhalamba ya kutulo. Chikwama adachikoleka paphewa mwachizolowezi.

Kunja kudali kutangoyamba kuyera. Mame adanyowetsa thalauza mpaka m'mawondo. Chikhomo choyamba adachipeza msanga, chofiira, chili chiimire m'udzu. Malo okongoladi. Osalala ngati bwalo la mpira. Adayenda molunjika chikhomo chachiwiri.

Chinthu chidaphwanyika pansi pa nsapato.

Adawerama. Phale la mphika, lovundikirika. Adakankha udzu. Lina. Patsogolo lina, lakale, lomera ndere. Lina latsopano, mwaye usanachoke. Adakumbukira mzere wa m'lipoti la oyeza dothi: pali zidutswa za miphika yakale, zosafunika.

"Mwaponda wa Anaphiri," adatero mawu kumbuyo kwake. "Wa chaka chatha."

Adali Anankhoma, atafunda chitenje kumutu. Adamutsatira.

Mtisunge adachotsa phazi ngati waponda moto. "Pano ndi chiyani?"

"Mukudziwa kale. Nkhope yanu ikunena."

"Ndiuzeni ndi pakamwa."

"Nthayo," adatero Anankhoma motsitsa mawu. "Ana obadwa atapita kale. Sapita kumanda, salira maliro, alibe bokosi. Timawatenga amayi okhaokha, m'bandakucha ngati uno, n'kudzawagoneka pano pofewa. Mwamuna safika. Sauzidwa ndi malo omwe. Ngakhale bambo wa mwanayo."

"Ndiye simukadanena pamsonkhano paja?"

"Pamaso pa apongozi anga aamuna? Pamaso pa mabwana anu? Ndiime ndinene za mimba za anthu?" Adaseka kouma. "Mukadatituma kumbali, mukadatumiza mayi mnzathu, tikadanong'ona. Koma inu mudabweretsa masipika."

Mtisunge adakwiya, osadziwa kuti akwiyire yani. "Ndiye mukadangokhala chete mpaka katapila abwere kudzakumba pano?"

"Tidazula zikhomozo kawiri usiku. Kawiri konse anyamata anu adadzakhomanso. Amati ndi ana a sukulu." Adaloza ndi chibwano cha kumunsi. "Anga ali apo awiri. Katapila akadabwera ndikadadzagona pamenepo. Akadandifunsa chifukwa, sindikadayankhabe."

Mphepo idadutsa m'bango. Mtisunge adayang'ana mapale aja, kuyambira pomwe adaima mpaka kuchikhomo chachitatu. Adasiya kuwerenga.

"Ndikalemba m'lipoti, amuna awerenga."

"Lembani kuti alipo. Musalembe kuti ndi a yani, kapena ali mbali iti. Zinazo n'zathu."

Mtisunge adagwira chikhomo chachiwiri ndi manja onse. Chidalimba. Adachigwedeza uku ndi uku, adatukwana chapansipansi, chidazuka. Adapita pa chachitatu. Anankhoma adangomuyang'ana, manja ali kumbuyo.

"Nthawi ino muzule ndinu. Ife tatopa."

Zinayi zonse zitagona pamodzi, Mtisunge adaimba foni. A Chilapondwa adayankha ndi mawu a tulo.

"Mwasaina?"

"Ndisaina malo a pachitunda."

"Mwapenga? Pamiyala paja? Msewu mulambula ndinu? Madzi mukatunga ndi ndowa?"

"Msewu ulambulidwa. Mjigo ukumbidwa. Padambo pali ana ogonekedwa, bwana. Ambiri."

"Lipoti likuti palibe manda! Anthu adavomera, adaomba m'manja!"

"Adaomba amuna. Amayi sitidawafunse."

"Ndipatseni mapu a mandawo. Mayina. Umboni."

"Simupatsidwa. Tumizani amayi okhaokha adzamve. Inu simufikapo."

"Dokotala Gwaza, mukuiwala kuti mukulankhula ndi yani. Nditha kutumiza wina mawa lomwe akasaine."

"Tumizani. Lachisanu ndidzakhala pakhomo kudikira alendo anu. Ndidzawauza kuti nyumba yofufuza imfa za makanda mwaimanga pamwamba pa makanda. Mudzandithandize kumasulira."

Adamva kupuma kwao kolemera.

"Mpando uja muiwale."

"Sindikhalitsa pampando, bwana. Mukundidziwa."

Adadula foni. Adapisa dzanja m'chikwama kuti aibwezeremo, ndipo zala zidakumana ndi kachipewa kaja. Nthawi ino sadakakankhire pansi. Adakatulutsa.

Anankhoma adakayang'ana. Adayang'ana Mtisunge kumaso, kenaka pamimba. Sadafunse zambiri.

"Ali kuti?"

"Sindikudziwa." Aka kadali koyamba kunena mawuwo mokweza. "Ndidawasiyira a kuchipatala."

"Mwamuna kapena mkazi?"

"Mkazi."

Anankhoma adayenda pang'ono, akuponda mosamala, mpaka pamalo opanda phale. Adathyola kamtengo n'kumupatsa.

"Bwera, mwanawe. Gwada apa."

Mtisunge adagwada m'matope ndi thalauza lake la ku ofesi. Adayamba kukumba mwamphamvu, ngati wokwiyira nthaka.

"Basi, basi! Osazamitsa," Anankhoma adamugwira dzanja. "Ukazamitsa umatseka njira ya obwera pambuyo. Polekeza chigongono pakwana."

Mtisunge adaima. Adayang'ana dzenjelo, adayang'ana mkono wake. Ankadziwa bwino zomwe mabuku ake amanena pa nkhani imeneyo. Sadatsutse. Adagoneka kachipewako, adakwirira ndi zikhatho. Anankhoma adachoka kanthawi, adabwera ndi phale lomwe adalitola kumunda, n'kulivundikira pamwamba.

"Pano sitilira," adatero.

"Sindikulira."

"Eya. Ndi mame."

Dzuwa lisanatuluke bwino, a Zuze adali atalizitsa kale injini. Adaona madamu akubwera, matope mpaka m'mawondo, atanyamula zikhomo zinayi paphewa ngati nkhuni.

"Aa, madamu! Izi si za kampani izi?"

"Tsegulani kumbuyo."

"Mwakawatenga kuti matope onsewa? Kudamboko kuli chiyani?"

"Palibe cha inu, a Zuze."

Adaponya zikhomozo m'galimoto. Adatsamira pa boneti, adatsegula lipoti, adadula mzere pa dzina la dambo. Pansi pake adalemba malo a pachitunda, adasaina. Chala chamatope chidasiya chidindo papepala. Adachisiya chomwecho.

Anankhoma adaima pakhonde. Sadakweze dzanja.

"Mukamadzamanga pachitundapo, mudzafunse kaye," adatero.

"Ndidzayamba ndi inu, amayi. Popanda masipika."

Galimoto idanyamuka. Podutsa m'mphepete mwa dambo, a Zuze adafuna kuonjezera moto kuti athamangire Lilongwe. Mtisunge adawagwira paphewa.

"Pang'onopang'ono apa. Anthu akugona."

A Zuze adayang'ana uku ndi uku. Udzu wokhawokha ndi nkhungu. Adaona nkhope ya madamu. Adachotsa phazi pamoto, ndipo galimoto idadutsa mwakachetechete.