Foni ya Shomari Sinalire

Pakampani ina ya mabasi mu Dar es Salaam, pulogalamu yogulitsira matikiti anailemba ndi Shomari, ndipo woidziwa anali iye yekha. Ikangofa, kaya ali kumaliro kaya ali m'bafa, foni yake inkalira. Ankadandaula mokweza kuti anthuwa amupha, komatu aliyense ankaona kuti zikumukomera.

Kenako kunabwera mayi Mwanaidi kudzayang'anira za makompyuta. Analemba ntchito achinyamata awiri, Zuhura ndi Elisante, n'kuika lamulo lakuti chilichonse chimene munthu walemba chisalowe m'pulogalamu mnzake asanachiwerenge.

"Ana awa aziwerenga zanga?" anatero Shomari. "Mayi, pulogalamuyi ndinaibala ndine."

"Ndiye mukadzagundidwa ndi basi tidzaikwirire nanu limodzi?" anafunsa mayiwo.

Shomari anawaphunzitsa achinyamatawo monyinyirika. Zuhura sankaopa munthu. Ankaloza pakompyuta n'kumati, "Achimwene, apa munkafuna kutani? Kapena munalemba muli ndi njala?"

Chikondwerero cha Idi chitayandikira, nthawi imene mzinda wonse umalimbirana matikiti, mayi Mwanaidi anamuuza kuti atenge tchuthi. Shomari anaseka chamumtima. Anapita kwawo ku Tanga ali wotsimikiza kuti amubweza asanamasule n'chikwama chomwe.

Foni ankayenda nayo paliponse. Podya ankaiika pafupi ndi mbale, kumzikiti ankaigwiragwira m'thumba. Anafika pouza mlongo wake kuti amuimbire, aone ngati ikulira. Inalira bwinobwino.

Atabwerera anapeza Zuhura akudya mandasi patebulo lake.

"Zinayenda bwanji kuno?"

"Pulogalamu inafa kamodzi, Idi ili mawa. Mizere ya anthu inafika kumsewu. Koma tinaidzutsa tiyi asanazizire."

"Osandiimbira?"

"Aa, timati tikuimbireni, koma tinapezeka tamaliza."

Mayi Mwanaidi anadutsa, n'kumufunsa za kumudzi, n'kupitirira.

Shomari anakhala pansi n'kutsegula pamene panawonongekapo. Mizere imene iye analemba kale m'pulogalamumo anali ataichotsa. Yatsopanoyo analemba ndi Zuhura, anawerenga ndi Elisante, ndipo inali yaifupi kuposa yake. Anaiwerenga mobwerezabwereza kufunafuna cholakwika mpaka anzake anapita kukadya chamasana. Sanachipeze, ndipo zinamuwawa kwambiri. Anatulutsa foni ija m'thumba n'kuiika m'kabati.