Kapeti ya Pamwamba pa Kabati

Kunyumba kwathu kunali chinthu chimodzi chimene ukangochikhudza unkaona zakuda: kapeti ya amayi. Inkakhala pamwamba pa kabati ya zovala m'chipinda chawo, yokulungidwa ngati chipika, yokutidwa ndi mapepala atatu a pulasitiki, yomangidwa ndi zingwe za mphira. Anaigula ndi malemu bambo, chaka chimene tinalowa m'nyumba ija isanathe. Pansi panali simenti yokakala, yotulutsa fumbi ukamasesa, ndiye amayi anati kapeti ya ubweya wa nkhosa siyalidwa pafumbi, idikire matailosi. Chaka chotsatira bambo anatisiya. Matailosiwo anabwera patapita zaka khumi ndi zinayi.

Ine ndinali ndisanaionepo yotambasula, chifukwa tsiku limene inabwera ndinali kusukulu. Ndinkangoidziwira pakamwa pa amayi: yofiira, pakati pali maluwa abuluu, yofewa moti phazi limamira. Mwezi ndi mwezi ankakwera pampando n'kupukuta pulasitikiyo ndi kansalu. Ukawauza kuti atsike angagwe, yankho lake linali lakuti, "Ukakwatiwa ukagule yako, uzikaigwetsa."

Chaka chino ine ndi achimwene tinaika matailosi pabalaza. Omanga asanatsuke n'komwe zida zawo, amayi anali atalamula kale.

"Loweruka tiyala kapeti ya bambo anu. Koma pakhomo pafunika kakang'ono kofanana nayo, anthu azipukutirapo mapazi asanaiponde. Ana inu mumayenda ngati ng'ombe."

Anatenga singano, anaboola pulasitiki kumapeto kwa mpukutuwo, n'kusolola kaulusi kamodzi kofiira. Anakamanga pangodya ya kampango kuti tikayerekezere mtundu.

Loweruka m'mawa tinalowa m'sitolo ya makapeti, kasitolo kopanikizika pakati pa ogulitsa penti ndi osoka makatani. Makapeti aakulu anali chiimire m'khoma monsemo, ang'onoang'ono ataunjikidwa mpaka m'chiuno. Mwini wake anali bambo wachikulire, magalasi akulendewera pachingwe, tepi yoyezera ili m'khosi. Ine pofuna kuti tithane nazo msanga ndinaloza koyamba komwe ndinaona.

"Aka, amayi. N'kofiira, n'kowala, kuchapa kwake n'kosavuta."

"Iwe, chotsa dzanja. Chimenecho n'chiyani, thumba la feteleza?"

Bambo aja anaseka mpaka kutsokomola. "Mayi akudziwa. Kameneko n'ka nayiloni. Bwerani kuno muone."

Anatulutsa timakapeti titatu n'kutiyala patebulo. Kalikonse ankakapinda chagada kuti tione ngati nsalu ya pansi ikuonekera pakati pa ubweya. Ankadinikiza chala chachikulu, n'kuchichotsa, kuona ngati dzenje likubwerera. Kenako ananyowetsa kansalu koyera n'kukhutiza pofiira, kuona ngati mtundu ukuchoka. Ine miyendo inali itayamba kuwawa, koma amayi anali ngati ali m'kalasi.

Amayi atamasula kampango kaja, bambowo anavala magalasi. Anakapotokola kaulusiko ndi zala, n'kukanunkhiza.

"Mundilole nditenthe kachidutswa, mayi."

"Mutenthe?"

"Pang'ono chabe. Nayiloni imasungunuka n'kusiya kampira kolimba. Ubweya sunama pamoto."

Anayatsa machesi. Kaulusiko kanangoti thethethe n'kuzima kokha, fungo la tsitsi lopsa linadzaza m'sitolomo. Phulusa lake analifikisa ndi zala, linangoyoyoka.

"Uwu ndiye ubweya weniweniwo. Wotere masiku ano ine sindiupeza. Anasankha ndani?"

"Amuna anga."

"Anali ndi diso."

Amayi anakonza mpango kumutu, n'kundiyang'ana ngati ndine ndinkatsutsa. Kunena zoona, nanenso ndinanyada.

"Ndiye mumaiyanika kangati pachaka?" anafunsa bambo aja uku akuvula magalasi.

"Kuyanika? Ayi, bambo, ine si wosasamala. Chibwerereni sinatsegulidwepo. Ili m'pulasitiki, pamwamba pa kabati. Dzuwa silinaione, fumbi silinaikhudze."

"Chibwerereni liti?"

"Zaka khumi ndi zinayi."

Magalasi aja anawapulumuka m'manja, mwayi wake anali pachingwe. Anayang'ana amayi, anayang'ana ine, kukamwa kuli yasa. Munthu amene ankaseka posachedwa pomwepa nkhope inangoti gwa.

"Mankhwala a njenjete munaikamo?"

"Njenjete zilowera pati? Ndakuuzani kuti ndi yomanga."

"Mayi," anatero motsitsa mawu, "ubweya umafuna kupondedwa, kusesedwa, kukunthidwa padzuwa. Njenjete zimakonda pamdima, pamene palibe wozisokoneza. Kampata ka nsonga ya singano n'kokwanira. Lero musagule kanthu. Pitani mukaitsegule kaye."

Ine ndinapsa mtima. Wogulitsa wanji wobweza kasitomala n'kumuopseza pamwamba? Ndinamuuza kuti ngati alibe kofiira angonena. Anangopinda kampango kaja bwinobwino n'kuwapatsa amayi ndi manja awiri, ndipo zimenezo n'zimene zinandiopsa.

Tinabwerera kunyumba osagula kanthu.

Tinafika dzuwa lili pamutu. Achimwene anakwera pampando, anakumbatira mpukutuwo, n'kuima kaye.

"Bwanji yapepuka chonchi?"

"Tsitsa, usalongolole," anatero amayi.

Tinaigoneka pamatailosi atsopano aja. Zingwe za mphira zinali zitauma, zinkangoduka zokha. Titang'amba pepala lachitatu, tinthu totuwa ting'onoting'ono tinauluka, kupita kuzenera. Ine ndinakuwa. Achimwene anakankha mpukutuwo ndi manja onse.

Chigawo choyamba chinatambasuka chofiira bwinobwino, chokongola kuposa mmene amayi ankanenera. Mtima unayamba kukhala pansi. Anakankhanso.

Mayo ine! Sindinaonepo zotere chibadwire. Fumbi ngati mchenga linangoti waa pamatailosi. Ubweya unkatsalira m'manja mwa achimwene ngati nthenga za nkhuku yosoyola. Kumene kunayenera kukhala maluwa abuluu kunali ulusi wa pansi wokhawokha, mbee, wokhala ngati ukonde, tizikwa toyera tili mbwee paliponse, timphutsi tina tikuyendabe. Akamapitiriza kutambasula, zinkaipiraipira. Pakati penipeni panali chibowo choti mwana n'kudutsapo.

"Ayi," anatero achimwene. "Ayi, ayi, ayi."

Ine ndinayamba kutukwana njenjete, kabati, omanga, ngakhale bambo wa makapeti amene sanalakwe kanthu. Ndinathamangira tsache, ndinalitaya, ndinatenga mankhwala opopera udzudzu, ngati pali chopulumutsa. Amayi okha ndi amene sanasunthe. Anali chiimire pakhomo la balaza, manja ali pamutu, maso ali pachibowo chija.

Kenako anagwada. Anayala chikhatho pamene panali maluwa, kusisita ulusi wopanda kanthu uja.

"Apa panali lalikulu," anatero. "Ang'onoang'ono anazungulira uku."

"Amayi, dzukani, muli tizilombo."

"Tsiku limene bambo anu anabwera nayo anaisenza paphewa kuchokera kumsewu, thukuta lili kamukamu. Anaitambasula pomwe pano. Anavula nsapato, akuti aiponde." Anasisitanso ulusi uja. "Ndinawagwira mkono. Ndinati mapazi anu ali ndi fumbi, ndipo pansi pano sipanathe. Anandichonderera, akuti tiyale lero lomwe, simenti ilibe kanthu, ana azigubuduzikapo. Ndinakana. Anaseka, anavalanso nsapato, n'kundithandiza kukulunga."

Achimwene anatuluka panja, ndinawamva akumina kuseri kwa nyumba. Ine mkwiyo wonse uja unangotha, ndinakhala pansi pafumbi lomwelo n'kulira ngati mwana. Ndinawamvera chisoni amayi, koma ndinawakwiyiranso, ndipo sindinadziwe choyamba n'chiti.

Lolemba tinabwerera kusitolo kuja titanyamula chigawo choyamba chija, chimene chinali kunja kwa mpukutu. Zotsalazo achimwene anakazitentha kudzala, ndipo fungo la tsitsi lopsa linakhala pabwalo tsiku lonse. Bambo wa makapeti sananene kuti ndinakuuzani. Anachikuntha, anachiyang'ana padzuwa mzere ndi mzere, anayeza ndi tepi, n'kulemba ndi choko pamene ubweya unali wamoyo. Panatsala kachidutswa kotalika mkono umodzi ndi theka. Anakadula, anakatsuka ndi mankhwala, n'kusoka m'mphepete ndi ulusi wofiira.

"Kaikeni pambali pa bedi, mayi," anatero tsiku lokatenga. "Pamenepo sikatha msanga."

Amayi anangothokoza.

Madzulo ake ndinachokera kuntchito mvula itagwa, nsapato zili matope okhaokha. Nditatsegula chitseko ndinaima. Kakapeti kaja kanali pakhomo penipeni, pamene amayi ankafuna kuika kopukutira mapazi. Balaza lonse linali matailosi okhaokha. Ndinakweza mwendo kuti ndikadumphe.

"Ukutani?" anafunsa amayi ali pampando. Anali opanda nsapato.

"Ndili ndi matope, amayi."

"Ponda."

"Koma ndi ka bambo."

"Ndati ponda. Bambo ako sanapondepo ngakhale kamodzi."

Ndinaponda ndi matope omwewo, ndipo phazi linamiradi.