Mafuta a Ng'ombe a Mayi Urmila

Alinesi adali atangotha masabata awiri pa ntchito ya m'nyumba ku Area 3, kwa a Suresh ndi akazi awo a Urmila, amwenye a sitolo ya nsalu ku Old Town. Ntchitoyo adaipeza movutikira atachoka kwawo ku Mitundu, ndipo ankagona ku Mchesi kwa mkulu wake Zelifa. M'mawa uliwonse ankawoloka mlatho wapansi, mtima uli m'mwamba kuopa kulakwitsa kanthu.

Lachiwiri lina a Urmila adamuitanira kukhitchini. Chichewa ankachiyankhula ndithu, koma cha m'sitolo, chodumpha mawu ena.

"Alinesi, sabata yamawa ife tili ndi chikondwerero cha nyali. Ndikufuna mafuta a ng'ombe. A m'shopu ayi. Ng'ombe yodya msipu, osati madeya. Achikasu, osungunula bwino, a m'botolo. Mayi wina ankatibweretsera kuchokera kumudzi, koma anasamuka. Pita kumsika ukafunse."

"Ndamva, madamu."

Koma kumva kwake kudali kwa makutu okha. Chibwerereni m'nyumbamo nyama adali asadaionepo: nyemba, nandolo, masamba, tsabola, basi. Tsono mafuta a ng'ombe a chiyani? Ali m'njira adadziyankha yekha kuti mwina pa chikondwerero ndi pamene amadya nyama, monga ena amachitira pa Khirisimasi.

Mumsika waukulu adalunjika kumabutchala. Woyamba amene adamufunsa adaseka mpaka kugwira m'mimba.

"Yodya msipu? Nanga zinazi zimadya mpunga?"

Wachiwiri adangoloza mafuta oyera mbee ali lende pa ngowe, nati iye amagula nyama, za chimene inkadya ikadali moyo sizimukhudza. Alinesi adatsala pang'ono kubwerera, koma bambo wina wachikulire wa pabenchi ya kumapeto, amene anzake ankamutcha a Nebert, adamukodola ndi mpeni.

"Amayi, asiyeni anyamatawa, sadziwa kanthu. Funso lanu lilipo. Ng'ombe zonenepetsera m'khola amazipatsa madeya, mafuta ake amayera ngati awa. Yoyenda kudambo mafuta ake amakhala achikasu."

"Achikasu! Ndi mmene anenera madamu."

"Eya. Koma kuno lero simuwapeza. Pitani kupitirira Likuni, njira ya ku Dzalanyama, mukafunse famu ya a Gregory. Amapha Lachinayi. Mukanene kuti mukufuna a pa impso, ndiwo osungunuka bwino. Madamu anuwo ndi mzungu?"

"Ndi amwenye."

A Nebert adasiya kunola mpeni. "Achisilamu?"

"Kaya. Amapemphera m'kachipinda kawo."

Mkuluyo adamuyang'ana ngati akufuna kunena kanthu, koma kudabwera wogula chiwindi, nkhani n'kuthera pomwepo.

Atabwerera kunyumba, Alinesi adauza a Urmila kuti kumsika kulibe, koma wamva za famu ina kupitirira Likuni.

"Kufamu? Ng'ombe zawozawo?" A Urmila adaomba m'manja. "Abwino ndi amenewo! Lachinayi usabwere kuno, upite."

Lachinayi adakwera minibasi mpaka pa Likuni, kenaka njinga yamoto ya kabaza mumsewu wafumbi. Adafika ng'ombe itasendedwa kale, ili pa masamba pansi pa mtengo. Zina zinkadya kudambo chapatali, ndipo Alinesi adaziyang'anitsitsa kuti akathe kunena kuti msipuwo wauona ndi maso ake.

A Gregory, mwini famu, adali munthu wamtali wovala majombo. Atamva chimene wabwerera sadadabwe konse.

"Masiku ano mafutawa ali ndi eni ake. Kale tinkaponyera agalu. Pano azimayi a ku Area 43 amabwera pa galimoto, akuti amadzola kumaso. Anuwo ndi a kumaso kapena a m'poto?"

"Akuti ndi a nyali."

"Nyali? Ku Area 3 kulibe makandulo?"

"Ine ndangotumidwa, bambo."

A Gregory adapukusa mutu, nadula mafuta a pa impso, achikasu ngati dzungu losapsetsa. Adamuuza kuti akawadule ting'onoting'ono, akawaike pa moto wochepa osathira madzi, ndipo akawasefe pa kansalu.

Masana onse a tsikulo Alinesi adakhala pa mbaula ku Mchesi akutakasa. Fungo lidadzaza mpanda wonse. Zelifa adatola tokazinga totsalira m'poto n'kumatafuna ndi mchere.

"Koma amwenye akowo ndimamva kuti ng'ombe sadya," adatero.

"Ndani wati akudya? Ndi a nyali. Ndipo anena okha pakamwa pawo, mafuta a ng'ombe. Ndikanamva bwanji zina?"

Zelifa adangoti kaya, natola kena. Mafuta adasefedwa kawiri, nalowa m'botolo lotsukidwa bwino. Pofika m'mawa adali atagwirana, achikasu chotuwira, osalala ngati sopo watsopano.

Lachisanu Alinesi adalowa pageti akuyenda mwamphamvu. Adapeza a Urmila kukhitchini ndi mwana wawo wamkazi Neha, amene ankagwira ntchito ku ofesi ina ku City Centre ndipo adali akumwa tiyi choimirira. Alinesi adaika botolo pathebulo ndi manja awiri.

A Urmila adalinyamula, naliyang'ana pa kuwala kwa zenera. "Olimba kwambiri," adatero, koma akumwetulira. Adatsegula, natapa pang'ono ndi supuni kuika pa kambale, nanunkhiza. Kumwetulira kudachepa. Adanunkhizanso.

"Wapanga ndani?"

"Ndapanga ndekha, madamu. Ng'ombe zake ndaziona zikudya msipu. Imodzi anali atangoipha kumene, ndiye anandidulira a pa impso penipeni."

Supuni idagwa pansi. A Urmila adabwerera m'mbuyo mpaka kugunda firiji, manja ali m'mwamba ngati agwira moto. Adayankhula mofulumira m'chiyankhulo chawo, nathamangira pasinki, n'kuyamba kusamba m'manja ndi sopo, kusambanso, misozi ili mbwembwembwe.

Alinesi adayang'ana botolo kuti mwina mwagwera ntchentche. Mudalibe kanthu.

"Madamu, ngati sanasefeke bwino ndikhoza..."

"Tulutsani panja, anti," adatero Neha motsitsa mawu. "Tengani ndi kambaleko. Tiyeni."

Kuseri kwa nyumba, pafupi ndi chingwe choyanikapo zovala, Neha adamufotokozera. Iye adabadwira ku Lilongwe konkuno ndipo Chichewa chake chidali chosakhota.

"Amayi amafuna mafuta a mkaka. Ife timati gii. Amawenga batala mpaka atasanduka mafuta, ndiye timayatsira nyali popemphera. Ng'ombe kwa ife ili ngati mayi. Sitipha, sitidya, nyama yake silowa m'nyumba muno."

"Koma anati mafuta a ng'ombe."

"Inde, anatero."

"Achikasu. Yodya msipu."

"Zonsezo n'zoona. Anaiwala mawu amodzi okha, mkaka."

Alinesi adakhala pa njerwa, botolo lili pamiyendo. Adaganiza za a Nebert atasiya kunola mpeni, za fumbi la ku Likuni, za chimwemwe cha madamu atamva za famu. Pena paliponse zinkaoneka kuti akulondola. Ndiye adasochera pati? Neha adayang'ana wotchi, nati achedwa kuntchito, nalowa m'nyumba. Galimoto idalira, geti lidatsekedwa, kenaka zii.

Palibe adamuuza kuti alowe, palibenso adamuuza kuti azipita. Adakhala pomwepo mpaka mthunzi wa mpanda udamuthawa. Ankafuna kuyamba kuchapa, koma sadadziwe ngati manja ake akuloledwa kugwira zovala za m'nyumbamo.

Chakumasana chitseko cha kukhitchini chidatseguka. A Urmila adatuluka atasintha zovala, tsitsi lili lonyowa, maso ofiira. M'manja adali ndi ndowa, sopo ndi maburashi awiri.

"Samba m'manja pampopi apo. Ubwere titsuke thebulo."

Adatsuka awiriwiri thebulo, pansi, sinki, mpaka chogwirira cha firiji. Supuni ija a Urmila adaikankhira panja ndi tsache. Atamaliza adakhala pampando, napuma mozama.

"Zaka makumi atatu ndili kuno, Chichewa changa chikadali chopunduka," adatero. "Iwe sunalakwe. Koma abambo asamve, wamva? Mawa ubwere monga mwa masiku onse. Botolo lija lisagone pano."

Alinesi adaweruka msanga tsikulo, botolo, kambale ndi supuni zili m'jumbo. Atawoloka mlatho adaima pa chiwaya cha bambo wina wokazinga tchipisi kuti apume, ndipo jumbo lidatseguka pang'ono.

"Amayi, n'chiyani icho? Uchi?"

Alinesi adamupatsa botolo. Bamboyo adatsegula, nanunkhiza, maso ake n'kuwala.

"Awa ndi a ng'ombe enieni! Oyera bwino chonchi mwawatenga kuti?"

"Tengani."

"Nditenge? Onsewa? Alakwa chiyani?"



"Sanalakwe kanthu," adatero Alinesi. "Kazingirani."

Bamboyo adatapa supuni yodzaza n'kuponya m'chiwaya. Mafutawo adasungunuka msanga, ndipo anthu awiri amene ankadikira minibasi adatembenuka kutsata fungo.