Ndani Ayambe Kuweruka?

Mu ofesi ina yojambula mapulani a nyumba, nthawi yoweruka inali faifi koloko. Koma chibwerereni bwana watsopano, miyezi itatu yathunthu, panalibe wodzuka pampando isanakwane seveni. Sikuti alipo analamula. Kungoti chitseko cha bwanayo chinkakhala chotsegula, mwiniwake ali phee pa desiki. Nanga ndani akanayamba kunyamula chikwama?

Mmodzi mwa ojambulawo anali mayi wina amene anzake ankamutcha Nachangu, poti ntchito sinkagona m'manja mwake. Pofika folo amakhala atamaliza zonse. Kenako ankangokulitsa ndi kuchepetsa pulani yomweyomweyo pa kompyuta, nkhope ataikwinya ngati wotanganidwa. Bambo wa desiki yoyandikana naye ankasongola mapensulo osongoka kale.

Lachinayi lina mwamuna wake anamuimbira foni. "Amayi awatulutsa m'chipatala, diso lija alimanga. Ine ndili kutali. Ukawatenge isanakwane sikisi."

Faifi itakwana, Nachangu anazimitsa kompyuta. Mpando unalira pomwe amadzuka, ndipo mitu yonse inatembenuka.

"Mayi, mwalimba mtima bwanji," ananong'ona bambo wa mapensulo uja. "Tikusungirani kapu yanu ngati chikumbutso."

Nachangu ananyamula chikwama n'kuyamba kuyenda. Njira yotulukira inali imodzi, yodutsa pakhomo pa bwana.

"Mukuweruka?" anafunsa bwanayo.

"Ee, bwana, pepani. Apongozi anga ali kuchipatala, ndiye mawa ndilawirira kuti..."

"Dikirani kaye." Bwana anavula magalasi n'kuyang'ana wotchi. "Kodi pano anthu amaweruka nthawi yanji kwenikweni?"

"Faifi, bwana."

"Nanga bwanji mumakhala mpaka seveni?"

Nachangu anayankha kuti, "Poti inu mumakhala."

Bwana anamuyang'ana kukamwa kuli yasa. Kenako anaphulika kuseka, mpaka kugwira m'mimba.

"Ine ndimadikira inu! Sabata yomwe ndinafika ndinakupezani nonse muli pamipando mpaka madzulo. Ndinati, ha, kuno ndi kwa akhama, ine mlendo ndikamatsogola kutuluka andiyesa mlesi."

"Sabata imeneyo tinali ndi pulani ya sukulu yofunika msanga, bwana. Inatha Lachisanu lomwelo."

"Mayo ine! Mukudziwa kuti akazi anga kunyumba ayamba kundinunkhiza malaya?"

Nachangu anamva ngati watula thumba la simenti. Anaseka mpaka misozi. Atacheuka, anaona anzake onse ataima mukhonde, makutu ali tcheru, ena zikwama zili kale paphewa. Bwana anatenga jekete n'kuzimitsa yekha magetsi.

"Tiyeni, mayi, ndikakutuleni. Kuchipatala ndi njira yanga yomwe."

Panja dzuwa linali likadali pamwamba pa madenga. Mashopu anali otsegula, ana a sukulu akuthamangitsana m'mbali mwa msewu. Nachangu anatsitsa galasi la galimoto kuti mphepo imuwombe kumaso.

Apongozi ake anawapeza atakhala pabenchi, bandeji ili kudiso lamanzere, kachikwama kali pamiyendo. Anali atakonzeka kudikira mpaka mdima. Atamuona, anamuyang'anitsitsa ndi diso lotsalalo.

"Mwanawe, kukadawala chonchi? Akuchotsa ntchito?"

"Ayi, amayi, ndangoweruka basi," anatero Nachangu, n'kuwagwira mkono kuti adzuke.