Dzenje Lachitatu la a Telala

Kamunthu kachipewa chobiriwira kanagweranso m'dzenje lomwe lija, lachitatu, n'kuzimiririka kunsi kwa TV.

"Iwenso! Miyendo uli nayo ya chiyani?" a Telala anakakalipira.

Chaka chatha sitiroko inawapeza ali pamakina osokera, n'kuwasiyira dzanja lamanja lili lende. Adokotala anati chala chachikulu chizigwira ntchito tsiku ndi tsiku. Ndiye mwana wawo wamkazi, namwino wosamva za munthu, anabwera ndi kabokosi ka gemu. Kamunthu kamathamanga, iwe n'kumadina batani kuti kadumphe maenje. Anabweranso ndi mawu owawa: makina agulitsidwe, bambo akakhale kwa iye.

A Telala anakanitsitsa kwamtuwagalu. Mapeto ake anapangana: akawoloka dzenje lachitatu pofika Loweruka, ndiye kuti chala chabwerera, makina atsala. Akalephera, alongedze.

Poyamba gemuyo ankaiyesa zachibwana, koma posakhalitsa anayamba kumupatsa ulemu amene anaipanga. Dzenje loyamba linali loti ngakhale watulo n'kudumpha. Lachiwiri linali lokulirapo pang'ono. Ndi mmenenso iwo ankaphunzitsira anthu kusoka: mpendero kaye, kolala pambuyo. Komanso gemuyo sinkabera munthu ayi. Ukadina, kamunthu kankadumpha pompo, ndipo ukagwa unkadziwa kuti wolakwa ndiwe. Chimenechi ndiye chinkawaswa mtima.

Loweruka masana namwino uja anafika ndi makatoni atatu, akadali mu yunifolomu. Anakhala pamkono wa mpando n'kumaonerera. Bambo ake anagwa kamodzi, kawiri, kasanu.

"Ababa, basi, mwayesetsa. Chala chikuchedwa, palibe chochititsa manyazi."

"Loweruka latha kodi? Takhala chete."

Mumtima a Telala anali ndi mantha, koma kulongedza ndiye ayi. Anapisa m'thumba la malaya n'kutulutsa kachidutswa ka sopo kamene ankalembera nsalu. Anaseweranso, nagwanso, n'kuika kachizindikiro pagalasi la TV, penipeni pamene kamunthu kananyamukira.

"Ababa, mukuwononga TV!"

"Ndi yako? Tenga, dumpha iweyo ndione."

Mwanayo anadumpha mosavuta, ngati akuwoloka ngalande. A Telala anaikanso chizindikiro pamene kamunthu kananyamukira ulendo uno. Kenaka anavula tepi yoyezera m'khosi, poti tepiyo sinkachoka m'khosi ngakhale kuchipatala, n'kuyeza pakati pa zizindikiro ziwirizo.

Theka la inchi.

Anayang'ana tepiyo, kenaka anaseka mpaka kutsokomola. Zaka makumi anayi ali pamakina, sanasokepo m'mphepete penipeni mwa nsalu. Telala weniweni amasiya theka la inchi kuti msoko usasosoke. Ndiye taonani, sabata yonseyi akhala akusiyira dzenje malo a msoko! Kamunthu kankanyamuka kasanafike m'mphepete, n'kukaperewera tsidya linalo.

"Chala sichikuchedwa, mwanawe," anatero. "Chikufulumira. Chikukumbuka ntchito yake."

Anakhala bwino pampando, napukuta dzanja pa thalauza. Kamunthu kanaliyatsa liwiro. Dzenje loyamba, hii! Lachiwiri, hii! Katafika pa chizindikiro chawo chija, thupi lonse linati dina, phazi mpaka linaponda pansi ngati lili pa chopondera makina. Koma analuma mano n'kuchigwira chalacho. Anadikira mpaka timapazi ta kamunthuko titasuzumira m'dzenje, ndiye n'kudina.

Kamunthu kanauluka, n'kukatera tsidya, n'kuima nji.

"Eyaa! Wamuna iwe!" anafuula a Telala, batani lili m'manja.

Atacheuka, anapeza mwana wawo akuyang'ana makatoni aja, misozi ili lengelenge.

"Ine sindinkadana ndi makinawo, ababa. Ndinkangofuna muzikhala pafupi nane."

A Telala anadzuka pang'onopang'ono, napita pakona, n'kuvundukula makina aja ndi dzanja lamanja lomwelo. Fumbi linati koboo.

"Mpendero wa yunifolomu yakoyo unasosoka mwezi watha," anatero osamuyang'ana. "Mwana wa telala, ukundichititsa manyazi. Kasinthe, ubwere nayo kuno."

Anatenga ulusi woyera, naunyowetsa pamilomo, nayesa kuulowetsa pa singano. Unaphonya. Anayesanso, unaphonyanso. Ndiye anaupereka kwa mwana wawo.

"Ili ndi dzenje lachinayi, sindinafikepo. Uzibwera Loweruka lililonse kudzandilowetsera."