Kumene a Lenard Ankapita Dzuwa Likalowa

Dainess ankadzigwedeza pang'onopang'ono kuti mwana wake Natalie, amene anam'bereka kumbuyo, asadzuke. M'chipinda chowerengera zolemba zakale, ku Northbridge, munali zii moti ngakhale kutsegula zipi ya chikwama kunkamveka ngati mlandu. Maso ake sanachoke pachitseko chimene mayi wogwira ntchito m'menemo analowera.

Chimene chinamubweretsa chinali funso la munthu wina. Agogo a mwamuna wake, a Jacqueline, mzungu wobadwira mu Perth momwemo, ankakhala kunyumba yosamalira okalamba cha ku Murdoch. Mutu wawo unali utayamba kutaya zinthu: mayina, masiku, njira ya kubafa. Koma dzuwa likamalowa ankaimirira, n'kukoka makatani mpaka pasatsale kampata, kenako n'kufunsa aliyense amene ali pafupi: "Bambo anga amapita kuti?"

Yankho la pabanjapo linalipo kalekale. A Lenard, bambo awowo, sanapite kunkhondo yachiwiri ya dziko lonse ija anzawo akupita. M'malo mwake ankatuluka madzulo aliwonse n'kubwera m'mawa. Nkhondo itatha banja linatha, mayi anawotcha zonse za mwamunayo, ndipo mwana anakula akumva kuti bambo ake anali amantha ndiponso achimasomaso. A Jacqueline sanawalankhulenso. Ngakhale kumaliro awo sanapite.

"Zisiye, Dee," anatero Bennett, mwamuna wake, akulongedza nsapato zake za kumgodi. "Munthuyo anafa ine ndisanabadwe. Ukufuna umuukitse?"

"Ndikufuna agogo agone."

"Amagona. Amawapatsa mapiritsi."

Koma Dainess sanazisiye. Kwawo ku Dedza nkhalamba siiloledwa kupita kumanda ili ndi mfundo pamtima.

Mayi wa zolemba zakale uja anatuluka atanyamula kabokosi. Anatulutsamo khadi lofiirira, lofewa m'mphepete ngati tsamba la fodya, n'kuliika patebulo.

"Ndi awa. Kunkhondo anawakana chifukwa cha chifuwa. Ndiye analowa gulu la mawadeni."

"Mawadeni a kundende?"

"Ayi. Nthawi imeneyo anthu ankaopa kuti ndege za adani ziphulitsa mzinda uno. Awa ankayenda m'misewu usiku wonse, kugogoda pamene nyale ikuonekera, kuti mzinda usaoneke kumwamba. Ankaphunziranso kuzimitsa moto ndi kunyamula ovulala. Mabombawo sanagwe kuno, ndiye anthu anaiwala msanga."

Dainess anayang'ana siginecha yopendama ya munthu amene magazi ake anali atagona kumsana kwake. Anapempha kope la khadilo, nalipinda kamodzi kokha.

Ali pa siteshoni anaimbira mayi ake kumudzi. Anafotokoza mothamanga, mawu akupunthwana.

"Ndiye ukuti ukawauze ndiwe?" anafunsa mayi ake.

"Ndimati mawa."

"Iwe Dainess, unapita kumeneko ndi nzeru zako kapena unazisiya pabwalo la ndege? Ndiwe mtengwa. Nkhani ya bambo wa eni ake, yoti banja linathera pomwepo, ikatuluke pakamwa pako? Akalira, ukawatonthoza ngati ndani? Dikira amuna ako. Za mtundu zimanenedwa ndi mwini mtundu."

Zinali zoona, ndipo Dainess anazimva m'mafupa. Bennett anali atangoyamba kumene masabata ake a kumgodi, kumpoto kutali. Nkhani ngati imeneyi sinali yoti n'kuiponya pafoni munthu ali pakati pa fumbi ndi makina. Anangomuuza kuti akadzabwera pali choti akaonere limodzi agogo.

Lamlungu anapita ku Murdoch monga mwa masiku onse, pepala lili m'chikwama. A Jacqueline anali atachepa pampando wawo. Anasewera ndi zala za Natalie, namutcha dzina la munthu wina. Kuwala kutayamba kufiira pakhoma, anadzikoka mpaka pazenera n'kutseka makatani. Kenako anatembenuka. Tsiku limenelo maso awo anali oyera, ngati a munthu amene wangodzuka bwino.

"Mwanawe, iwe uli ndi nkhope yosanama. Bambo anga amapita kuti?"

Dzanja la Dainess linali kale pa zipi. Anamva m'mphepete mwa pepala. Anamvanso mawu a mayi ake, ndi mantha ake omwe aja a masiku onse: bwanji akakomoka, bwanji azakhali a Bennett akadzati mkazi wakudayu wayamba kufukula manda athu?

"Bennett akubwera, agogo. Adzakuuzani."

"Aliyense amangoti akubwera," anatero a Jacqueline, osakwiya, nakhala pansi.

Foni inalira m'mawa wa tsiku limene Bennett ankakwera ndege yobwerera. Dainess anali akupukuta phala pachibwano cha Natalie. Namwino wa ku Murdoch ananena mofatsa kuti a Jacqueline amwalira, ndipo anabwereza kawiri kuti sanavutike.

Bennett analiwerenga pepalalo ali chiimire m'khitchini, malaya ake a lalanje asanavule. Anawerenganso. Anakhala pansi pomwepo, n'kutsamira kabati.

"Unali nalo liti?"

Dainess anamuuza.

"Bwanji sunangowauza, Dee?"

Sanakweze mawu, ndipo n'chimene chinapweteka. Dainess anafunafuna m'Chingerezi chonse chimene ankadziwa mawu oti mtengwa, koma sanawapeze. Amene analipo onse ankamveka ngati kuzemba.

"Ndimakudikira iwe," anatero. "Anali agogo ako."

"Amakukonda kuposa ine. Ine amanditcha pulambala, wokonza mipope."

Anaseka pang'ono, kuseka kwake n'kuthyokera pakati.

Maliro atatha anapita kukachotsa katundu m'chipinda chija. Zonse zinakwana m'masutikesi awiri. Bennett atatsika nawo kugalimoto, Dainess anatsala ndi mwana. Bedi linali litavulidwa nsalu. Dzuwa linali likulowa kuseri kwa chipatala chachikulu, ndipo m'munsi nyale za mumsewu zinayamba kuyaka imodziimodzi, popanda woziletsa.

Madzi akatayika saoleka. Komabe Dainess anagwada pambali pa bedi, monga amagwadira polankhula ndi akuluakulu, nalankhula m'Chichewa, chimene a Jacqueline sanachimvepo chiyambire.

"Agogo, ndine Dainess, mtengwa wanu. Bambo anu sankapita kwa mkazi. Ankayenda m'misewu kuzimitsa nyale kuti inu mugone. Mukawapeza kumeneko, muwalankhule."

Natalie anamuyang'ana, nayang'ana zenera. Kenako anayenda mwadzandidzandi, nagwira katani ndi manja onse awiri monga ankaonera Lamlungu lililonse, n'kuyamba kukoka. Inali yolemera. Inasuntha pang'ono n'kuima, kusiya mpata wonga chikhatho, ndipo kuwala kunapitiriza kugwera pamatiresi.