Chingwe cha Bishop

Tiwa ankaukonda munda wa kuseri kwa tchalitchi chifukwa anthu akwawo okhala mumzinda wa Coventry sankafikako. Chibwenzi chake ndi Rogers chinali chisanadziwike ngakhale kwa achemwali ake. Masana amenewo anatuluka ndi Bishop, kagalu ka mayi wachizungu amene Tiwa ankagwira ntchito yomusamalira m'mudzi wapafupi, n'kumupeza Rogers akudikira pageti.

Pansi pa msipu nthaka inkakwera ndi kutsika mpaka kumpanda.

"Koma iyitu ndi mizere," anatero Rogers. "Azungunso ankalima?"

"Kalekale, ndi ng'ombe. Pano panali mudzi wathunthu. Mwini malo anathamangitsa anthu n'kuikapo nkhosa, tchalitchi chokha n'chimene chinatsala. Akuti posachedwa amangapo maflati."

"Ndiye tidzachite renti limodzi, mami."

"Iwe, kaonekere kaye kwa amalume."

Bishop anauwa. Ng'ombe zimene zinkadya kumtunda zinatukula mitu, ana awo ali pakati. Zinayamba kutsetsereka pang'onopang'ono, kenako nthaka inachita kugwedezeka.

"Taya chingwecho!" Rogers anakuwa. "Zikufuna galuyo!"

Tiwa anachikulunga padzanja. Galuyo akafa, a pabanja la mayiyo aimbira ku ofesi imene inamulemba ntchito, ndipo ntchito ikatha, viza nayo yatha. Anamunyamula Bishop pachifuwa n'kuliyatsa liwiro.

Yoyamba inamugunda pamsana. Anagwa chafufumimba, matope ali tho m'kamwa. Chiboda chinamuponda pantchafu, china m'nthiti, ndipo anamva kanthu kakuthyoka m'kati. Rogers, amene anakula akuweta ng'ombe ku Mzimba, analumphira kutsogolo kwake akuimba mluzu, akukupiza jekete. Koma izi sizinali ng'ombe zomva mluzu. Yofiira inamunyamula ndi mutu, kumumenyetsa pansi, n'kumugwadira pachifuwa.

"Tiwa... mtaye," anatero, magazi akutuluka limodzi ndi mawuwo.

Chingwe chinali chitalowa m'mnofu, osamasuka. Tiwa anafufuza kachitsulo ka pakhosi pa galuyo n'kukatsegula. Bishop anangoti fyuu kuloza kumpanda, gulu lonse lili pambuyo pake.

Anakwawa mpaka pamene Rogers anagona. Ankapumabe, mokoka, ngati munthu womwa phala lotentha. Tiwa anamugoneka mutu pamiyendo pake, n'kuyamba kudina 999 pafoni kuti aitane ambulansi, chala chikuterereka ndi magazi. Kumpanda galu analira kamodzi. Tiwa sanacheuke.